Nsichi za Nyimbo: M'mene Tidaphunzirira Kumva Zam'kati mwa Maimbidwe Athu

Lamulungu lililonse, kuyambira ku Golomoti, kudzera ku Mua mpaka ku Mtakataka, nyumba zathu zopemphereramo zimadzaza ndi nyimbo. Kwaya imaima m'magulu ake anai, a soprano, a alto, a tena ndi a besi; ng'oma zimalira, visekese nkumavomera, mpingo wonse nkutsata pambuyo. Nyimbo ikakoma tonse timamva, ndipo ikasokonekera timamvanso. Ngakhale agogo amene sadapondeko m'kalasi amakwinya nkhope a alto akaphonya. Koma wina atatifunsa kuti chaphonyeka nchiyani makamaka, ambirife tingangoyankha kuti sizidamveke bwino basi. Khutu limadziŵa, koma pakamwa pamasoŵa dzina la chimene khutulo lamva.

Aŵerengi okondedwa, mwezi uno tiyeni tione mbiri ya m'mene anthu adaphunzirira kutchula maina a zinthu zimene zili m'kati mwa nyimbo, ndiponso m'mene nzeru imeneyi idafikira kuno kwathu, kunsi kwa mapiri a Dedza. Munthu wongodutsa pa njira akaona nyumba, amaona udzu wa padenga ndi makoma omata bwino. Mmisiri amaona zina: nsichi, mzati ndi phaso, zimene zasenza zonsezo. Nyimbo nayonso ili ndi nsichi zake. Amene akuzidziŵa angathe kuwongola nyimbo yopendekeka, kuiphunzitsa kwa ena molondola, ndi kupeka ina yatsopano. Amene sazidziŵa amangotengera zimene wamva, pamodzi ndi zolakwa zake zomwe. Popeza nyimbo za m'tchalitchi zimanyamula mau a chikhulupiriro chathu, nkhaniyi ikukhudza banja lililonse.

Amishoni asanafike

M'chigwa chino, pakati pa mapiri ndi nyanja, mudakhala Acheŵa kuyambira kale, ndipo m'zaka za m'ma 1800 mudafikanso Ayao ndi Angoni a Kachindamoto. Mtundu uliwonse unali ndi nyimbo zake. Amai ankaimba pa mtondo ndi pa chinamwali, asodzi ankaimba pokoka khoka, Angoni ankaimba povina ngoma, ndipo pa bwalo pankamveka nyimbo za gule wamkulu, mbalule ndi mpanje zikulira. Panalibe pepala kapena cholembera. Mwana ankayamba kumva nyimbo ali ku msana kwa mai wake, ndipo pofika msinkhu wokatunga madzi anali atadziŵa kale nthaŵi yoloŵera ndi nthaŵi yolekera.

Nyimbo zambiri zinkamangidwa pa magawo aŵiri: woyambitsa amaponya mzere wake, gulu nkuvomera. Mzere wa gulu sunkasintha kwenikweni, pomwe woyambitsa anali ndi ufulu wosintha mau ake malinga ndi zochitika pamudzi. Kaŵirikaŵiri wina ankathira liwu lachiŵiri pansi pa liwu la mnzake, ndipo onse ankadziŵa ngati watera poyenera kapena ai. Ndiye kuti malamulo analipo, ndipo anali okhwima, kungoti ankasungidwa m'makutu. Kutsogoloku tiona kuti padapita zaka zambiri anthu asanaŵafotokoze malamulowo pa pepala.

Nyimbo za Chilatini ku Mua

Ansembe a chipani cha White Fathers adafika ku Mua m'chaka cha 1902. Mishoni ya Mtakataka idatsekulidwa mu 1908, ya Bembeke mu 1910. Patangopita chaka chimodzi chikhazikitsire Mua, pa 22 Novembala 1903, tsiku la Cecilia Woyera nkhoswe ya oimba, Papa Pius X adalemba kalata yonena za nyimbo za mu Eklezia. M'kalatamo adaika maimbidwe akale otchedwa ndi dzina la Papa Gregory Woyera kuti ndiwo akhale chitsanzo cha nyimbo zonse zopatulika. Adalamula kuti pa miyambo ikuluikulu nyimbo zikhale za Chilatini, ndipo adaletsa piyano, ng'oma ndi zoimbira zina zaphokoso m'tchalitchi.

Apapa ankalingalira makamaka za matchalitchi a ku Italy, kumene maimbidwe a m'nyumba za zisudzo anali ataloŵerera pa Misa. Koma lamulolo litafika kuno lidakumana ndi nkhani ina. Ng'oma inali ya ku bwalo ndi ku dambwe, ndipo pakati pa mishoni ndi eni gule panali kukokanakokana kwa zaka zambiri, monga adafotokozera Ian Linden m'buku lake la mbiri ya Akatolika a m'dziko muno la mu 1974. Motero ng'oma idakhala kunja kwa tchalitchi zaka pafupifupi 60.

Komabe nyimbo za Chilatinizo zidaphunzitsa makolo athu m'chikhulupiriro phunziro loyamba la kasanthulidwe ka nyimbo. Maimbidwe a Gregory ali ndi liwu limodzi lokha, opanda alto, opanda besi. Amalembedwa pa mizere inai, ndi manoti a ngodya zinai, monga m'buku la nyimbo za pa Misa limene Vatican idasindikiza mu 1908 potsata ntchito ya amonke a ku Solesmes, ku France. Poimba salmo, liwu limayamba nkukwera pang'ono, limakhazikika pa noti imodzi kwinaku likutchula mau ambiri, limapinda pakati pa ndime, kenaka nkutsika pothera. Maimbidweŵa ali ndi mitundu 8, ndipo mtundu uliwonse umadziŵika ndi zinthu ziŵiri: noti imene nyimbo imakhalitsapo, ndi noti imene imagonapo pomaliza. Anyamata a ku seminale a masiku amenewo, monga Cornelius Chitsulo wa m'parishi ya Mua, amene adadzozedwa unsembe mu 1937 nakhala Episkopi woyamba wachimalaŵi mu 1957, adakula akufunsa mafunso aŵiri ameneŵa pa nyimbo iliyonse: kodi ikukhalitsa pati, nanga ikukagona pati? Ndipo kulandizana kwa wotsogolera ndi gulu poimba masalmo sikunali kwachilendo kwa mwana wa Mcheŵa.

Mmonke wa ku Arezzo ndi mbusa wa ku England

Maina amene makwaya athu amagwiritsa ntchito lero, doh, ray, me, fah, soh, lah, te, ali ndi mbiri ya zaka pafupifupi 1,000. Cha m'ma 1025 mmonke wina wa ku Italy, Guido wa ku Arezzo, ankavutika mtima poona kuti oimba ankatha zaka khumi akuloŵeza nyimbo za pa chaka pamtima. Adatenga nyimbo ina yolemekeza Yohane Mbatizi, imene kachigawo kake kalikonse kamayambira pa noti yokwererapo kuposa kam'mbuyo, natapa maphatikizo oyamba a tizigawoto kuti akhale maina a manoti: ut, re, mi, fa, sol, la. Adakonzanso kalembedwe ka manoti pa mizere. Iye mwini adalemba kuti ndi njira imeneyi woimba ankatha kukhwima pa chaka chimodzi kapena ziŵiri, ndipo Papa John XIX adamuitanira ku Roma kuti akaonetse luso lakelo. M'zaka za m'ma 1600 Ataliyana adasintha ut kukhala do, ndipo noti yachisanu ndi chiŵiri idapatsidwanso dzina lake.

Patapita zaka mazana angapo, mai wina wa ku Norwich, ku England, Sarah Glover, adakonza mainawo kuti aziphunzitsira ana, natulutsa buku lake mu 1835. Mbusa John Curwen adatenga njirayo kuyambira mu 1841, naikonzanso, naifalitsa. Imeneyi ndiyo solfa imene tikuidziŵa: zilembo 7, d r m f s l t, pamodzi ndi timadontho ndi timizere tosonyeza kutalika kwa noti. Ubwino wake unali wakuti makina wamba osindikizira mabuku ankatha kuilemba, ndipo mphunzitsi wakumudzi ankangofuna choko ndi bolodi.

Koma ubwino wake waukulu uli pena. Mu solfa, doh sakhala pamalo amodzi. Nyimbo ikayambira pamwamba, doh amakwera nayo. Ikayambira pansi, amatsika nayo. Doh ndiye kwao kwa nyimbo, mudzi umene manoti onse amachokerako ndi kubwererako. Tsono dzina la noti limatiwuza udindo wake pa mudzipo, monga timanenera kuti uyu ndi mwini mbumba, uyu ndi mkamwini. Curwen ankaphunzitsa ana kumva khalidwe la noti iliyonse: doh ngwokhazikika, me ngwodekha, soh ngwoŵala, lah ngwachisoni, te ngwolasa ndipo amafunitsitsa kukwera kukafika kwa doh. Mwana amene wamva zimenezi wayamba kale kusanthula nyimbo, ngakhale iye sakudziŵa.

Solfa idafika m'dziko muno ndi amishoni a mipingo ina. A ku Scotland adayamba ntchito yao mu 1875 ku Cape Maclear, kutsidya kwa nyanja yomweyi timaiwona tikaima ku gombe la kwathu kuno, ndipo mu 1876 adafika ku Blantyre. A Dutch Reformed adakhazikika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896. M'masukulu mwao ana ankaphunzira kuŵerenga solfa ndi kuimba m'magulu anai. M'kupita kwa nthaŵi, kudzera mwa aphunzitsi ndi ana a sukulu, lusoli lidafalikira m'mipingo yonse, mpaka m'makwaya athu omwe. Akulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo aka kadasulidwa ndi mmonke wachikatolika, kadanoledwa ndi abale athu a mipingo ina, ndipo tiyenera kuthokoza onsewo.

Mitolo itatu

Solfa imatchula manoti mmodzimmodzi. Nanga manoti angapo akamveka pa nthaŵi imodzi, chimachititsa kuti agwirizane nchiyani? Aliyense amene ali ndi gitala angathe kuyesa izi. Lizani nsambo imodzi, muitche doh. Mukaidinikiza pakati penipeni, theka lotsalalo limalira doh yemweyo koma wapamwamba. Mukaidinikiza kotero kuti magawo aŵiri mwa atatu ndiwo alire, mumamva soh. Magawo atatu mwa anai amapereka fah, ndipo anai mwa asanu amapereka me. Manoti amene kunjenjemera kwao kumagaŵika mosavuta chotere amamveka ngati apachibale, ndipo pachibale chachikulu koposa, kupatula doh ndi doh mnzake, ndi cha doh ndi soh.

Azungu adamanga maimbidwe ao a magulu anai pa mitolo ya manoti atatuatatu, imene oimba magitala amaitcha makodi. Mtolo umapangidwa potenga noti imodzi, kulumpha yotsatira, kutenga ina, kulumphanso, nkutenga yachitatu. Mitolo ikuluikulu ilipo itatu: wa doh (d m s), wa fah (f l d) ndi wa soh (s t r). Mukaiphatikiza mupeza kuti manoti onse 7 alimo. Nchifukwa chake nyimbo zambirimbiri zimatheka ndi mitolo itatu yokhayi.

Amene adafotokoza zimenezi momveka ndi Mfalansa wina woimba limba m'tchalitchi, Jean-Philippe Rameau, m'buku lake la mu 1722. Iye adaonetsa kuti mtolo uliwonse uli ndi muzu wake, ndipo sutaya dzina ngakhale manoti ake asinthane malo: a besi akaimba me, ena nkuimba soh ndi doh pamwamba, umenewo ukadali mtolo wa doh, kungoti wagona chammbali. Adaonetsanso kuti ulendo wa nyimbo umayendetsedwa ndi mizu imeneyi. Mtolo wa doh ndi pakhomo. Mtolo wa fah uli ngati kutuluka kupita ku munda. Mtolo wa soh uli ngati kuima pa mphambano madzulo, maso ali kumudzi, pakuti m'kati mwake muli te amene amakokera kwa doh. Mukawonjezapo fah pamwamba, kuti ukhale s t r f, chikokacho chimakula, chifukwa fah nayenso amafuna kutsikira kwa me.

Pothera mzere ndi pamene zimenezi zimamveka bwino. Mzere ukathera pa mtolo wa soh, khutu limamva ngati lafunsidwa funso. Ukachoka pa soh nkutera pa doh, limamva yankho, nkhani yatha. Ukachoka pa fah nkutera pa doh, timamva mathero ofatsa aja a Amen wa m'nyimbo zakale. Nthaŵi zina wopeka amatinyenga dala: pamene tikuyembekeza doh, amatipatsa mtolo wa lah (l d m), ndipo timadziŵa kuti ulendo ukadalipo.

Katswiri wina wa ku Vienna, Heinrich Schenker, amene adamwalira mu 1935, adapitiriza ganizoli. Iye adati manoti a m'nyimbo sali olingana udindo: ena ndi nsichi, ena ndi udzu wofolera. Tiyeni tiyese ndi kamzere aka: m f s m, r m f r, d. Manoti anai oyamba akuchoka pa me nkubwerera pa me. Fah ndi pongopondera, ndipo soh ndi mbale wake wa me mu mtolo wa doh. Anai otsatirawo akuchoka pa ray nkubwerera pa ray. Me ndi pongopondera, ndipo fah ali m'gulu la soh. Tikachotsa udzu, chotsala ndi manoti atatu otsika: me, ray, doh. Pansi pao a besi akufunika manoti atatunso: doh, soh, doh. Woimba besi amene sadaone nsichizi amavutika kusintha noti nthaŵi iliyonse pamene a soprano asintha, ndipo nyimbo imamveka yopiringizika. Amene waziwona amakhazikika, nasenza anzake. Tiyenera kukumbukira kuti Schenker adakonza njira yakeyi poyang'ana nyimbo za akatswiri a ku Ulaya monga Bach, Mozart, Beethoven ndi Brahms, ndipo nyimbo za mitundu ina sankaziŵerengera. Muyeso wake ngwothandiza, koma sudapangidwire nyumba iliyonse.

Pamene malamulo aŵiri adakumana

Nyimbo za ku Ulaya zitamasuliridwa m'chinenero chathu, padabuka mavuto aŵiri amene mpaka lero timaŵamva. Loyamba ndi la kamvekedwe ka mau. M'Chicheŵa kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasiyanitsa matanthauzo. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika amalembedwa chimodzimodzi, koma woyambawo timautchula mokweza pakati, wachiŵiriwo motsitsa. Chuni chimene chidapekedwera mau a Chifalansa kapena a Chingerezi sichilabada zimenezi. Chimakwera pamene ife timatsika. Ndiponso ife pothera chiganizo timatalikitsa phatikizo lachiŵiri kuchokera kumapeto. Potchula dzina la Mulungu timakoka pa lu, pomwe nyimbo zambiri zachizungu zimaika noti yaitali ndi yamphamvu pa phatikizo lotsiriza, nkutikokera pa ngu. Mpingo umazoloŵera, koma mau amakhala atapotoka.

Vuto lachiŵiri limachokera pa loyambalo. Ngati anthu aŵiri akuimba mau amodzimodzi, ndipo onse akulemekeza kukwera ndi kutsika kwa mauwo, maliwu ao ayenera kukwerera limodzi ndi kutsikira limodzi. Umu ndimo makolo athu ankaimbira. Koma malamulo a magulu anai a ku Ulaya amakonda kuti soprano ikamakwera besi izitsika, ndipo amaletsa maliwu aŵiri kuyendera limodzi atatalikirana monga doh ndi soh. Motero zimene kumudzi zinali zokoma, m'kalasi zinkaoneka zolakwa. Chikhalirecho, cha m'ma 900, pamene amonke a ku Ulaya ankayamba kuimba ndi maliwu aŵiri, ankayendera limodzi motero, atatalikirana monga doh ndi soh kapena doh ndi fah. Eklezia idaimbapo kale m'njira imene pambuyo pake ana ake adauzidwa kuti njosaphunzira.

Anthu amene adayamba kulemba malamulo a nyimbo za kuno adatulukira m'zaka za m'ma 1900. Hugh Tracey adayenda m'Nyasaland ndi makina ojambulira mau m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 1954 adakhazikitsa nkhokwe ya nyimbo za mu Africa yotchedwa International Library of African Music ku South Africa. Wansembe wa mpingo wa Anglican, A. M. Jones, amene adagwira ntchito zaka zambiri ku Northern Rhodesia, adaonetsa m'buku lake la mu 1959 kuti mitundu ya mu Africa ili ndi njira zake zokhazikika zogwirizanitsira maliwu, mtundu uliwonse ndi mpata wake umene umaukonda. Gerhard Kubik wa ku Vienna adakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka mu 1967, ndipo mu 1987, mothandizana ndi Moya Aliya Malamusi, Lidiya Malamusi ndi Donald Kachamba, adatulutsa ku Zomba buku lofotokoza njira yosanthulira nyimbo za m'Malaŵi.

Kubik adafotokoza lamulo lina losavuta, limene tingalitche lamulo lolumpha. Nyimbo zambiri zamakolo zimayenda pa manoti asanu, amene tingaŵayerekeze ndi d r m s l, ngakhale kuti sagwa ndendende pa manoti a limba. Wothira liwu lachiŵiri amatsika kuchoka pa noti ya mnzake, nalumpha yoyandikana nayo, natera pa yotsatira. Mnzake akakhala pa doh wapamwamba, iye amalumpha lah natera pa soh. Akakhala pa lah, amalumpha soh natera pa me. Akakhala pa soh, amatera pa ray. Akakhala pa me, amatera pa doh. Poŵerenga makwerero a solfa, mipata yambiri imeneyi ndi ya makwerero anai, kupatula wa me ndi doh umene uli wa atatu. Mitundu imene imaimba ndi manoti 7 ikatsata lamulo lomweli imapeza mipata ya makwerero atatu ponseponse. Taonani tsono: kulumpha noti imodzi ndi njira yomwe ija Azungu amamangira mitolo yao. Agogo a pa mtondo ndi Rameau adagwira nzeru imodzi, kusiyana kwake nkwakuti makwerero ao sanali amodzi.

Ng'oma iloŵa m'tchalitchi

Eklezia idayamba kutsekula chitseko pang'onopang'ono. Mu 1955 Papa Pius XII, m'kalata yake ya nyimbo zopatulika, adalimbikitsa amishoni kuti asanyozere chikondi cha nyimbo chimene adachipeza pakati pa anthu. Mu 1958, ku Kamina m'dziko la Congo, Bambo Guido Haazen ndi kwaya yao ya anyamata adaimba Missa Luba, mau ali a Chilatini, maimbidwe ndi ng'oma zili za kumudzi, ndipo idamveka m'maiko ambiri. Pa 4 Disembala 1963 Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatican udatulutsa chikalata chake cha mwambo wa mapemphero. Ndime 116 idasungira maimbidwe a Gregory malo aulemu, ndime 119 idalamula kuti maimbidwe a eni dziko m'maiko a mishoni alemekezedwe ndi kupatsidwa malo oyenera, ndipo ndime 120 idalola zoimbira zina kuwonjezera pa limba. Malangizo a mu 1967 adalongosola m'mene zimenezi zingachitikire, ndipo mu 1969 ku Kampala Papa Paul VI adauza Aafrika kuti Chikhristu chao chiyenera kukhala ndi nkhope ya Chiafrika.

Kuno kwathu zipatso zake zidaoneka. Misa idayamba kuimbidwa m'Chicheŵa, ng'oma ndi visekese zidaloŵa. Mu 1976 Bambo Claude Boucher Chisale adakhazikitsa malo a KuNgoni ku Mua, kuti miyambo, zosema, magule ndi nyimbo za Acheŵa, Angoni ndi Ayao ziphunziridwe ndi kusungidwa, pamalo pomwe paja ng'oma inkaimitsidwa pakhomo. Mu 1978 ku parishi ya Balaka kudabadwa Alleluya Band, ndipo magitala ake adazoloŵeretsa achinyamata a dziko lonse mitolo itatu ija ikuzungulirazungulira. Choncho kwaya ya lero yalandira chuma cha mbali zitatu: maimbidwe a Gregory, magulu anai a solfa, ndi nyimbo zamakolo za woyambitsa ndi ovomera.

Udindo wathu lero

Masiku ano makwaya ambiri ali ndi kiyibodi, ndipo nyimbo yatsopano imafika pa foni lero, maŵa nkuimbidwa. Zimenezi nzabwino, koma zili ndi msampha wake. Nyimbo yotengedwa ndi khutu lokha imasintha pang'ono pa kwaya iliyonse imene yadutsapo, ndipo pakasoŵa woŵerenga solfa palibe angaibweze m'malo mwake. Msampha wina ngwobisika koposa. Nyimbo yamakolo ya manoti asanu ilibe fah, ilibenso te. Woimba kiyibodi akaisanjikiza mtolo wa fah ndi wa soh monga adazoloŵera, amathiramo manoti aŵiri amene eni nyimbo sadaŵaimbepo. Pakapita nthaŵi oimba nawonso amakhotera komweko, ndipo nyimbo ya agogo imasanduka ina popanda wina kuzindikira tsiku limene idatayika.

Nanga amene afuna kuphunzira kusanthula nyimbo ayambire pati? Poyamba apeze doh: aimbe nyimboyo chamumtima mpaka amve noti imene ikufuna kugonapo. Kachiŵiri aigaŵe m'mizere potsata popumira, naone kuti mzere uti ukufunsa, uti ukuyankha. Kachitatu achotse manoti ongopondera, kuti nsichi zioneke, monga tachitira ndi kamzere kaja. Kachinai amvetsere besi, natchule mtolo uliwonse ndi dzina la muzu wake. Kachisanu alankhule mau a nyimboyo monga amalankhulira pakhomo, kenaka aŵaimbe, kuti aone ngati chuni chikukwera pamene mau akukwera ndi kukoka pamene mau akukoka. Potsiriza aŵerenge manoti amene nyimboyo ikugwiritsa ntchito. Akapeza kuti alipo asanu, ndipo pali woyambitsa ndi ovomera, adziŵe kuti ali m'nyumba ya makolo; ayambe wafunsa akuluakulu m'mene liwu lachiŵiri limaloŵera, ndipo mwina ng'oma ndi m'manja zikwanira popanda kiyibodi. Kuona maso a nkhono nkudekha: nyimbo imodzi pa mlungu, yosanthulidwa bwino, idzaphunzitsa zambiri pakutha pa chaka.

Ntchitoyi ikufuna tonse. Otsogolera makwaya apatule mphindi zoŵerengeka pa maphunziro aliwonse kuti aphunzitse solfa, makamaka kwa ana ndi achinyamata. Opeka nyimbo ayese ntchito yao pa mau a Chicheŵa asanaiyese pa kiyibodi. Makolo m'Miphakati alole ana ao kupita ku kwaya, ndipo madzulo aŵakhazike pafupi ndi agogo amene akukumbukirabe nyimbo za pa mtondo, pakuti zigayo zachepetsa kusinja, ndipo nyimbozo zikupita ndi eni ake. Salmo 33 limatipempha kuti poimbira Chauta tiimbe mwaluso. Luso limenelo makolo athu anali nalo m'makutu, Guido ndi anzake adatipatsa maina ake, ndipo Eklezia idatilola kubwera nazo zonse ku guwa. Chatsala nchakuti ana a ku Mua, ku Golomoti ndi ku Mtakataka apeze wina woŵaphunzitsa.